Mphasa 500 zimene Pachomius anatentha: mbiri ya kusala kudya ku Ejipito

Caka ndi caka nyengo ya Kwaresma imatipeza m'miyezi ya Fevereiro ndi Março, pamene m'nkhokwe zambiri mwatsala zitsononkho zokha ndipo cimanga ca kumunda cisanakhwime. Ndiye m'makalasi mwathu funso silicedwa kubuka, makamaka kwa amai: kodi munthu amene akudya kamodzi pa tsiku, cakudya cake maungu ndi nkhwani, nayenso asale ciani? Atsogoleri ena amayankha msanga kuti, "Musavutike amai, njala yanuyo ndiyo kusala kwanu." Yankho limeneli limamveka lacifundo, ndipo wolipereka amalipereka ndi mtima wabwino. Koma akulu a Mpingo amene anadziwa za kusala kudya kupambana wina ali yense sakadalivomera. Akuluwo anali a mu Afrika mommuno, kumpoto, m'dziko la Ejipito, pafupifupi zaka 1,700 zapitazo. Tiyeni tione mbiri yao, kuti inu atsogoleri mukhale ndi poyambira funsoli likadzabukanso.

Masiku 40 asanabwere

Akristu sanayambe ndi masiku 40 ai. Kabuku kakale kochedwa Didache kamalangiza kusala Lacitatu ndi Lacisanu sabata iri yonse, kuti Akristu asiyane ndi ena amene ankasala Lolemba ndi Lacinai. Kusala kokonzekera Pasaka kunali kwakufupi ndiponso kosiyanasiyana. Pafupi ndi caka ca 190 Irenaeus, episkopi wa ku Lyon, analembera Victor wa ku Roma kuti ena amasala tsiku limodzi, ena awiri, ena kupitirira apo, ndi kuti kusiyanako si cifukwa cogawanirana. Masiku 40 anafala m'zaka za m'ma 300, ndipo ku Ejipito komweko anthu anazengereza kuwalandira. Athanasius, episkopi wa ku Alexandria, ali kothawira ku Roma pafupi ndi caka ca 340, anacita kulembera mnzake Serapion kuti awalimbikitse anthu, poopa kuti Aejipito angasanduke coseketsa, iwo akudya pamene Akristu a maiko ena onse akusala.

Pali cinthu cina ca masiku oyambawo cimene timaciiwala kawirikawiri. Aristides wa ku Athens, polembera mfumu ya Aroma kufotokoza za makhalidwe a Akristu, ananena kuti pakati pao pakapezeka wosowa, iwo eni alibe cotsala coti ampatse, amasala masiku awiri kapena atatu kuti cakudya cao cipite kwa iye. Buku lina la ku Roma la nthawi yomweyo, lochedwa Mbusa wa Hermas, limauza munthu wosala kuti awerengere mtengo wa cakudya cimene akadadya tsikulo, ndi kukapereka kwa mkazi wamasiye kapena kwa mwana wamasiye. Ndiye kuti cakudya cosalidwaco cinali ndi mwini wake. Sicinkabwerera m'nkhokwe.

Antonius

Munthu amene anachukitsa moyo wa m'cipululu ndi Antonius. Pano ticenjere pang'ono: si António wa ku Lisboa uja wa m'zithunzi wanyamula Mwana Yesu. Uyu ndi wina, wakale kwambiri, amene pa Cipwitikizi amachedwa Santo Antão. Anabadwa pafupi ndi caka ca 251 m'banja lopeza bwino. Makolo ake anamwalira iye ali ndi zaka ngati 20, namsiyira mlongo wake wamng'ono ndi minda yaconde yokwana mahekita ngati 80. Tsiku lina m'chalichi anamva akuwerenga za mnyamata wacuma uja wa pa Mateyu 19, amene Yesu anamuuza kuti agulitse zake. Antonius anamva ngati mauwo akunenera iye. Minda anaipereka kwa anthu a m'mudzi, katundu anagulitsa napatsa osauka, mlongo wake anamsiya m'manja mwa akazi odzipereka kwa Mulungu, iye nayamba moyo wina.

Zimene timadziwa za iye zambiri zimacokera m'buku limene Athanasius analemba Antonius atangomwalira mu 356. M'menemo timamva kuti ankadya kamodzi pa tsiku dzuwa litalowa, nthawi zina kamodzi pa masiku awiri kapena anai. Cakudya cake cinali mkate ndi mcere, cakumwa madzi okha. Pambuyo pake anadzitsekera m'linga lakale la asilikali patsidya pa mtsinje wa Nile, nakhalamo zaka pafupifupi 20. Abwenzi ake ankamtsitsira mkate wouma kawiri pa caka, popeza anthu a kumeneko ankadziwa kuphika mkate wotha kusungika miyezi yambiri.

Athanasius ankalemba ngati munthu wotamanda mphunzitsi wake, conco sitidabwa kuti nkhani zina anazikometsera. Koma taonani cimene anasankha kutamanda. Tsiku limene anthu anathyola citseko ca lingalo, sanapezemo mafupa oyenda ai. Akuti Antonius anaturuka thupi lake liri monga analidziwira kale, wosanenepa ndiponso wosaonda, nkhope yake yodekha, wosatengeka ndi khamu limene linali kumlonjera. Cimene kusalako kunabala cinali mtima wokhazikika, ndipo ndico Athanasius anafuna kuti owerenga aone.

Atasamukira kuphiri la kufupi ndi Nyanja Yofiira, Antonius anaona kuti abale akuvutika kumbweretsera mkate ulendo wautali cotero. Anapempha khasu, nkhwangwa ndi tirigu pang'ono, nalima kamunda pafupi ndi kasupe. Kenaka anabzalanso ndiwo zamasamba, osati za iye, koma kuti alendo ofika atatopa apeze kanthu kolawa. Zirombo zinkamuonongera mbeu monga nguluwe ndi anyani acitira kwa ife. Anamwalira ali ndi zaka 105, akuti mano ake onse alipo, kungoti anali ataperepeseka.

Pachomius, amene anatembenuka cifukwa ca cakudya

Tsono tifike kwa munthu amene nkhani yathu yagona pa iye. Pachomius anabadwa pafupi ndi caka ca 292 kumwera kwa Ejipito, makolo ake osakhala Akristu. Ali ndi zaka ngati 20 anagwidwa usilikali pamodzi ndi anyamata ena, nakwezedwa m'ngalawa. Ambiri a ife sitifunika kufotokozeredwa kuti kugwidwa usilikali nciani. Atafika ku Thebes anawatsekera m'ndende kuti asathawe, ndipo madzulo kunabwera anthu osawadziwa atanyamula cakudya ndi madzi. Pachomius anafunsa kuti anthu amenewa ndani. Anamuyankha kuti ndi Akristu, ndipo amacitira cifundo ali yense, ngakhale mlendo. Usiku womwewo analonjeza Mulungu wa anthu amenewa kuti akadzamasulidwa adzatumikira anthu masiku onse a moyo wake. Tisaiwale ciyambi cimeneci. Munthu amene anadzalemba malamulo a kusala kudya analowa Cikristu cifukwa wina anamdyetsa ali ndi njala.

Nkhondo itatha anabatizidwa pa mudzi wa Sheneset, ndipo patapita nthawi anakagogoda pa khomo la nkhalamba ina yokhala payokha, dzina lake Palamon. Moyo wa Palamon unali wouma: mkate ndi mcere basi, mafuta ai, vinyo ai, ndi kucezera usiku m'mapemphero. Pali nkhani yakuti tsiku la Pasaka Pachomius, pofuna kulemekeza tsikulo, anathira timafuta pang'ono mumcere. Nkhalambayo itaona inayamba kulira, niti siingadye mafuta pamene Ambuye wake anapacikidwa, ndipo sinakhudze cakudya mpaka mcere wamafutawo utacotsedwa. Pachomius anakhala naye zaka ngati zisanu ndi ziwiri, namkonda ngati bambo wake. Anamuonanso akudwala matenda a kapamba amene anadza cifukwa ca kudzizunza kotereku, mpaka anamuika m'manda.

Pafupi ndi caka ca 323 Pachomius anayamba cinthu catsopano pa mudzi wabwinja wochedwa Tabennisi. M'malo mwakuti ali yense azikhala payekha m'phanga mwake, anasonkhanitsa anthu m'mudzi umodzi wozingidwa ndi linga, kuti azipemphera pamodzi, kugwira nchito pamodzi ndi kudyera pamodzi. Amenewa ndiwo amonke okhala m'gulu. Ambiri anali alimi wamba olankhula Cikopti. Munali oluka mphasa ndi madengu, ophika mkate, osoka, opalasa ngalawa. Munali nkhalamba, munalinso ana. Mlongo wake Maria anatsogolera mudzi wa akazi. Pamene Pachomius ankamwalira panali midzi isanu ndi inai ya amuna ndi iwiri ya akazi, anthu ake zikwi zingapo.

Nanga khamu lotere ungalidyetse bwanji mkate ndi mcere wa Palamon? Pachomius sanayese nkomwe. Onse ankasala Lacitatu ndi Lacisanu, kupatula masiku a pakati pa Pasaka ndi Pentekoste. Masiku ena cakudya cinkaikidwa masana, ndipo madzulo cinkaikidwanso cifukwa ca odwala, nkhalamba, ana ndi amene agwira nchito yolemetsa. Wofuna kudya kamodzi ankaloledwa. Wofuna kutsala m'kacipinda kake ankapatsidwa mkate, mcere ndi madzi. Palladius, amene analemba za amonke a ku Ejipito pafupi ndi caka ca 420, akufotokoza lamulo lao motere: ali yense adye monga mwa mphamvu zake, wakudya kwambiri apatsidwe nchito yolemera, wosala apatsidwe yopepuka, ndipo munthu asaletsedwe kudya kapena kusala. Ndiye panali mwambo wina umene ife timaukonda. Podyera, ali yense ankagwetsa cipewa ca mkanjo wake kuti ciphimbe nkhope, kuti asaone mmene mnzake akudyera. Wina ankangonyema mkate nkusiya, wina ankadya mpaka kukhuta, ndipo panalibe wodziwa. Aliyense amene anakhalapo pa mphakati nkumva anthu akunong'onezana kuti uje sasala, amuona akuwotcha cimanga Lacisanu, adziwa cimene cipewaco cinkachinga.

Panali cifukwa cake. M'cipululu munali mpikisano. Palladius yemweyo akusimba za Macarius wa ku Alexandria, munthu amene akamva kuti wina wacita cakuti, iye amafuna kumpitirira. Atamva za wina wodya mkate wocepa, iye anaika zinyenyeswa za mkate mumtsuko wa kukamwa kwakung'ono, namadya zokhazo zimene dzanja lingathe kuturutsa, ngati msampha uja wogwirira pusi. Tsiku lina anabvala ngati waganyu, nayenda masiku 15 kukapempha malo kwa Pachomius osadziulula. Kwaresma itafika anatenga masamba a mgwalangwa, naima pangodya akuluka. Masiku 40 onse sanakhale pansi, sanadye mkate, koma timasamba ta kabici tokha tsiku Lamulungu, kuti aoneke ngati wadya. Abale anawawidwa mtima, napita kwa Pachomius kukanena kuti munthu wopanda thupi ameneyu acoke, apo ai acoka ndi iwo onse. Pachomius atazindikira kuti ndi Macarius, anamgwira dzanja, namthokoza kuti wathetsa matama a ana ake, kenaka nampempha kuti abwerere kwao. Anamlemekeza ndithu, koma sanamsunge. Ngwazi imodzi yotere ikadapasula mudzi wonse.

Mphasa zija

Nkhani imene ikuyankha funso la amai aja ndi iyi. Iri m'zolembedwa zakale za amonke a Pachomius. Nthawi ina iye anacokapo kukayendera midzi ina. Pobwera, abale anaturuka kukamcingamira, ndipo mnyamata wina wamng'ono anapfuula pakati pa gulu kuti cicokereni bambo sanaphikiridwe ndiwo kapena phala. Pachomius anamuyankha mokoma kuti asadandaule, aonetsetsa kuti aziphikiridwa. Analowa kophikira, napeza wophika akuluka mphasa. Atamfunsa, wophikayo anavomera kuti patha miyezi iwiri osaphika.

Ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Anati abale ambiri amasala, sadya zophikidwa, ndiye ndiwo zimangotayidwa pamodzi ndi mafuta ambiri amene amathiramo mwezi ndi mwezi. Anaona kuti nkwabwino kuika pa gome zosaphika zokha, monga azitona ndi masamba, nchito imene munthu mmodzi angaithe, ndipo iye ndi anzake, kuti asakhale manja lende, anayamba kuluka. Kunena zoona, msungicuma ali yense wa mpingo akadamuyamikira munthu ameneyu. Mafuta apulumuka, ndipo pamwamba pake pali mphasa zogulitsa. Pachomius anafunsa kuti zakwana zingati. Anati 500. Iye anati azibweretse, ndipo atazibweretsa analamula kuti ziponyedwe pamoto zonse.

Mphasa 500 si masewera. Amene analukapo mphasa adziwa masiku amene imodzi imadya, kuyambira kudula bango. Nanga analakwa ciani wophikayu? Pachomius anamfotokozera kuti munthu akaona cakudya patsogolo pake, ali ndi mphamvu yakudya, nacisiya cifukwa ca Mulungu, ameneyo wasala ndipo ali ndi mphotho. Koma munthu amene sanadye cifukwa panalibe coti adye sanasale kanthu. Posaphika, wophikayo analanda abale mwai wakusankha. Amene ankasala mwaufulu anawasandutsa anthu ongosowa. Ndiponso anaiwala ana ndi ofooka, amene ndiwozo zinali zao ndithu. Kwa Pachomius kunali bwino kuti mafuta atayike kusiyana ndi kuti zimenezi zicitike.

Apa mpamene tikuona kuti yankho lija lakuti njala yanu ndiyo kusala kwanu liri ndi bvuto. Kusala ndi mphatso imene munthu amapereka, ndipo sungapereke cimene ulibe. Njala ya mwezi wa Fevereiro munthu saisankha. Imabwera cifukwa mvula inadula, kapena mbeu inacedwa, kapena cimanga cinagulitsidwa cochipa nthawi yokolola kuti papezeke ndalama ya mankhwala. Tikaicha kusala, tikuibveka cobvala ca chalichi, ndipo amene ali ndi nkhokwe yodzaza apeza pobisala: mnansi wao sakubvutika ai, akusala. Amonke a ku Ejipito ankaidziwa njala yeniyeni. Tirigu wao ankabzalidwa madzi a Nile akaphwa, nakololedwa ca mu Abril, conco nakonso Kwaresma inkafika zokolola zisanalowe m'nyumba. Komabe sanasokoneze ziwirizi.

Tsono mai uja timuuze ciani? Ife tikuona kuti coyamba ndi kumuuza zoona, kuti lamulo la kusala cakudya silinalembedwere iye, monga silinalembedwere mnyamata uja wa kwa Pachomius. Caciwiri, funsolo litembenuzidwe lipite kwa amene ali naco: cimene mwasala lero capita kwa yani? Aristides ndi Hermas anayankha kale. Ndipo wosaukayo sikuti watsala kunja kwa Kwaresma, pakuti kudziletsa sikuthera pa mphika. Pali mkwiyo, pali miseche ya pacitsime, pali kacasu amene amamwedwa ngakhale m'nyumba mulibe ufa. M'zimenezo ali yense ali ndi cakusiya mwa kufuna kwake. Mu 1966 Papa Paulo VI, pofewetsa malamulo a kusala kwa Akatolika kuti masiku okakamiza atsale Lacitatu la Phulusa ndi Lacisanu Loyera, anasiyanitsanso comweco. Anati kumene anthu ali olemera afunika kudzimana koposa ndi kuthandiza osowa, ndipo kumene anthu ali osauka apereke masautso ao kwa Mulungu m'pemphero, uku akulimbikira kuti cilungamo cicitike pakati pa anthu. Sananene kuti umphawiwo ndi wabwino.

Pali kankhani kena kofanana. Mbale wina wodwala kwambiri anapempha kanyama pang'ono, ndipo osamalira odwala anamkaniza, ati si mwambo wa amonke kudya nyama. Pachomius atamva anawadzudzula kolimba kuti alibe cifundo, ndipo wodwalayo anapatsidwa. Koma iye mwini akadwala sankalola kupatsidwa cimene abale ena sapatsidwa. Anamwalira mu 346 ndi mliri umene unapha abale ambiri m'midzi yake.

Popeza tikulembera inu ophunzitsa kuwerenga, sitingadumphe lamulo lina la Pachomius. Pa zakudya anasiya ufulu waukuru, monga taonera. Pa kuwerenga sanasiye ufulu uli wonse. Malamulo ake amati munthu wolowa osadziwa kuwerenga azipita kwa womphunzitsa katatu pa tsiku, m'mamawa, ca m'ma 9 koloko ndi masana. Amlembere zilembo, maphatikizo, aneni ndi maina, ndipo ngakhale asafune, akakamizidwe. M'mudzimo musapezeke munthu wosadziwa kuwerenga ndi wosaloweza kanthu ka m'Malembo. Ganizirani mlimi wa zaka 50, manja ake ozolowera khasu, ataima pamaso pa mnyamata kuphunzira zilembo. Inu mumawaona anthu otere sabata iri yonse, ndipo mudziwa kuti kwa bambo wamkuru kuvomera pagulu kuti sadziwa cilembo nkowawa kuposa kugona ndi njala tsiku limodzi. Kumenekonso nkudzikana. Palladius akuonjeza kuti magulu a amonkewo ankachedwa ndi zilembo 24 za Cigriki, ndi kuti ofatsa ankapatsidwa cilembo coongoka ca iota, pamene obvuta ankapatsidwa cokhotakhota ca ksi. Musayesere zimenezo m'kalasi mwanu.

Nzeru ya ku Ejipito iwoloka nyanja

Amene anatengera maphunziro amenewa ku Ulaya ndi Cassianus. Iye ndi mnzake Germanus anakhala zaka zambiri pakati pa akulu a m'cipululu ca kumpoto kwa Ejipito ca kumapeto kwa zaka za m'ma 300, akufunsa mafunso. Pambuyo pake Cassianus anakhazikika ku Marseille, ndipo m'zaka za m'ma 420 analemba zimene anamva. Phunziro loyamba limene akuluwo anampatsa ndi lakuti kusala, kucezera ndi umphawi ndi zipangizo cabe, monga khasu kwa mlimi. Colinga ndi mtima woyera, ndiye kuti cikondi. Munthu amene wakwiyira mbale wake cifukwa wamsokoneza kusala wataya cacikuru pofuna kusunga cacing'ono.

Akuluwo anamsimbira za nkhalamba ina, Heron, amene anakhala zaka 50 m'cipululu akusala koposa onse. Ngakhale pa Pasaka sankalola kudya ndi abale, poopa kuti angaoneke ngati wafooka. Pomariza anamva mau amene anayesa a mngelo, omuuza kuti adziponye m'citsime cakuya kuti aonetse kuti Mulungu amsunga. Anadziponya. Abale anambvuula ali pafupi kufa, namwalira tsiku lacitatu asanavomere kuti ananyengedwa. Mkulu wina, Mose, anauza Cassianus kuti kusala kopitirira muyeso ndi kususuka zimafikitsa munthu pamalo amodzi, ndi kuti iye anaona anthu amene dyera linawalephera akugwa cifukwa ca kusala. Muyeso umene akuluwo anagwirizana unali timikate tiwiri touma tsiku liri lonse, tosakwana theka la kilo. Ankati nkwabwino kudya pang'ono tsiku ndi tsiku kusiyana ndi kukhala masiku atatu osadya kenaka nkudzadya mopanda malire.

Cimene cinadabwitsa Cassianus koposa ndi alendo. Kuli konse kumene iye ndi mnzake anafika, akuluwo ankaleka kusala nkudya nao, osadikira ora lake. Atafunsa, mkulu wina anamuyankha kuti kusala ali nako masiku onse, koma mlendo sakhala naye masiku onse, ndipo akamperekeza adzabwezera kusalako. Makolo athu akadamva msanga, paja amati mlendo ndi mame.

Malamulo a Pachomius anamasuliridwa m'Cilatini ndi Hieronymus mu 404. Patapita zaka zoposa 100, Benedictus wa ku Monte Cassino m'dziko la Italia analemba malamulo ake, amene amonke ambiri a ku Ulaya anadzawatsata, ndipo analangiza kuti mabuku a Cassianus aziwerengedwa pagulu madzulo. Mzimu wa wophika uja anauchinga ndi lamulo: pa gome pazikhala zophikidwa za mitundu iwiri, kuti wolephera kudya cina adye cinaco. Mzimu wa Heron anauchinganso: cimene mbale afuna kudzimana pa Kwaresma ayambe wauza mkuru wa nyumba, ndipo cocitidwa popanda cilolezo ciwerengedwe ngati kudzikuza. Odwala analoledwa nyama, ndipo mkuru analoledwa kuleka kusala cifukwa ca mlendo, kupatula pa masiku akuru.

Ndipo pa Kwaresma Benedictus anaonjeza cinthu cimodzi. Pa ciyambi ca nyengoyo mbale ali yense azilandira buku limodzi, aliwerenge lonse mwa dongosolo kuyambira poyamba mpaka pomariza, ndipo nthawi yowerenga ya m'mawa italikitsidwe. Anadziwanso anthu ake. Analamula kuti pa nthawiyo akulu mmodzi kapena awiri azizungulira m'nyumbamo, kuona ngati pali mbale waulesi amene wasiya buku nayamba kuceza ndi kusokoneza anzake.